Anatsuka ndi Injini Yomwe

Ndinapita ku Joni ndili ndi pepala la umakaniko la ku koleji, lokutidwa bwino mu pulasitiki. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko palibe amene anapempha kuliona. Kuno ku Lilongwe ndinali nditazungulira nalo magaraja a ku Biwi mpaka nsapato kuperepeseka, ndipo kulikonse ankandiuza kuti ndibwerenso mwezi wamawa. Mkazi wanga Esinati anali ndi mwana wakhanda, Yankho. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa depoti. Sanalire. Anangondikumbutsa kuti jekete waiika pansi penipeni pa chikwama.

Ku Joni kwenikweniko sindinakhalitse. Mkulu wina wa mpingo wathu, a Mbewe, amene ankasamala maluwa m'nyumba za azungu ku Cape Town, anandiitana kuti ku doko la asodzi kukufunika munthu wodziwa injini. Ndinalowa ntchito pa kagaraja kokonza injini zomangirira kumbuyo kwa maboti. Mwini wake anali nkhalamba yosakonda kulankhula. Dzina langa linamukanika, ndiye ankangondiitana kuti Malawi.

Ku koleji tinaphunzira kuti pulagi ndi imene imayatsa petulo mu injini, ndipo moto wake umabwera ndi waya wonenepa wokutidwa ndi mphira. Ndinkatha kujambula zonsezo pa bolodi. Chimene sanatiuze bwino n'chakuti moto umenewo ndi waulesi. Ukapeza njira yachidule, kaya kadontho ka madzi, kaya kamng'alu pa mphira, umadumphira pa chitsulo n'kuisiya pulagi ili zii. Amakaniko amati yapanga shoti. Kunyanja yamchere chinyezi sichichoka, ndiye ntchito yanga m'mawa uliwonse inali yomweyomweyo: kuvundukula injini, kupukuta mawaya, kupopera mankhwala othamangitsa chinyezi, kupaka girizi m'kati mwa tizipewa ta mphira timene timavala pamutu pa mapulagi, n'kutikanikiza mpaka kumva kuti thi.

Mwezi wanga wachiwiri ndinasiya kachipewa kamodzi kosalowa bwino. Boti la anthu anayi linazima injini kutali ndi doko, m'nkhungu yoti sungaone dzanja lako. Tinaima pa gombe kuyambira m'mawa mpaka masana, akazi awo ali pomwepo, wina osandiyang'ana n'komwe. Atalikoka botilo kubwera nalo, nkhalamba ija sinandikalipire. Inanditengera m'shedi, inatseka chitseko, n'kuliza injiniyo mu mdima. Ndinaona timoto tobiriwira tikudumpha kuchoka pa waya kupita pa chitsulo, tikulira ngati munthu akuthyola timitengo. Inandisiya ndikuyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako inanena mawu ochepa: injini sapopera madzi ndi paipi, ndipo ikanyowa sailiza, amayamba aipukuta.

Tinkakhala m'tinyumba ta malata m'mbali mwa phiri, anthu a ku Ntcheu, a ku Dedza, a ku Mangochi, chipinda chimodzi anthu atatu. Lamlungu masana tinkasonkhana kwa a Mbewe, amene analinso wapampando wa gulu lathu la maliro. Lamulo la gululo linali limodzi: Mmalawi saikidwa kuchilendo. Nkhani zikamveka kuti eni dziko ayambanso kuthamangitsa alendo, tinkagona ndi nsapato kuphazi. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza ku Chinsapo, kumene Esinati ankakhala ndi mayi ake.

Patapita zaka ndinapeza kanyumba kangakanga, ndipo Esinati ananditsatira, Yankho n'kutsala ndi agogo ake. Mlongo wake wa Esinati, alamu anga a Lakisoni, kalipentala wa ku Area 23, sanagwirizane nazo. Anandiimbira foni kundiuza kuti mwamuna akapita kukasaka sanyamula banja kupita nalo kutchire. Ndinawayankha mwaulemu, koma sindinawamvere.

Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira. Denga lathu linkadontha pakona ya bedi. Ine amene tsiku lililonse ndinkapukuta mapulagi a eni ake, denga langa ndinkangolitchera beseni, ndikumati ndikonza Loweruka. Esinati anayamba kutsokomola. Kuchipatala ankazengereza chifukwa masiku a m'pasipoti yake anali atatha, ndipo ine sindinamukakamize. Pamene ndinamutengera kumeneko, madokotala anati ndi chibayo. Anagonako masiku anayi, n'kutisiya.

Kuyambira tsiku limenelo anzanga a m'gulu sanandilolenso kugwira kanthu. Kapu ankandibweretsera, madzi osamba ankanditengera. A Mbewe anati namfedwa sagwira ntchito, ntchito yake ndi kukhala pansi, anzake amugwirire. Mapepala a maliro anatenga milungu itatu. Gulu linapeza pikapu yakale ya petulo, ya mipando ya mizere iwiri, yokoka ngolo yotsekeka momwe munalowa bokosi. Dalaivala anali Yohane, munthu wodziwa msewu koma osati zam'kati mwa boneti. Tisananyamuke ndinafuna kusuzumira injini. A Mbewe anatseka bonetiyo pang'onopang'ono n'kundilozera mpando wakumbuyo.

Galimotoyo inayenda bwino. Zimbabwe tinadutsa, kutentha kwa ku Tete tinadutsa, osatsokomola ngakhale kamodzi. Pa chipata cha Dedza tinapeza a Lakisoni akutidikira. Anandipatsa moni wa dzanja, osandiyang'ana kumaso, n'kukhala kutsogolo. Pomwepo anaimba foni ku Chinsapo kuti talowa, adzukulu ayambe kukumba.

Kwa apongozi anga dzenje siligona. Likakumbidwa, mwini wake alowemo dzuwa lisanalowe. Zikakanika, adzukulu amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, ndipo banja limene lachititsa zimenezo anthu saliiwala. Apongozi anga anali atagona pansi pa siwa milungu itatu kudikira mwana wawo. Foni ija itangoimbidwa, tsiku linali limenelo basi.

Tinalowa mu Lilongwe dzuwa litapendeka pang'ono. Inali nyengo ya fumbi ndi mphepo, ndipo galimoto inali yofiira mpaka nambala osaoneka. A Mbewe anati sitingalowe pa maliro ngati tikuchokera ku dimba, anthu anganene kuti a ku Joni anamubweretsa mwana wa eni ake ngati thumba la makala. Tinakhotera ku Biwi kwa otsuka magalimoto. Ine a Mbewe ananditengera kwa mchemwali wawo ku Kawale kuti ndikasambe ndi kuvala malaya oyera. Yohane anapita pa chiwaya kukadya.

Titabwerako galimoto inali kuwala, ngolo yomwe. Koma pansi pa injini panali chithaphwi, ndipo panali fungo la sopo wopsa pa chitsulo. Mkulu wa otsukawo, bambo wovala majombo odulidwa, anavula chipewa n'kundiyandikira.

"Pepani bwana ndi zovutazi. Ife chipepeso tilibe, ndiye tatsuka ndi injini yomwe. Tapopa paliponse, ngakhale malemuwo akaone kuti abwera pa galimoto."

Ndinathokoza. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika, ndipo mphindi khumi zikanakwana kupukuta. Koma munthu wavula chipewa, ungamuuze bwanji kuti chipepeso chake chalakwika? A Mbewe anali atandigwira kale pa chigongono. Yohane analiza, injini inayankha msanga poti inali yotentha, ndipo ndinadziuza kuti mwina madziwo auma okha.

M'tauni tinayenda pang'onopang'ono pa mzere wa magalimoto. Titalowa msewu wa ku Likuni ndinamva kuti injini yayamba kutsimphina. Aliyense anali chete ndi maganizo ake, ine ndikumvetsera. Inkakoka, n'kuphonya, n'kukokanso. Pulagi imodzi inali itasiya kuyaka. Ndinaweramira kutsogolo kuti ndimuuze Yohane aime, a Mbewe n'kundisisita pa bondo kuti ndilimbe mtima, tatsala pang'ono. Ankaganiza kuti ndi chisoni.

Tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wa ku Chinsapo. Mabampu anagwedeza madzi amene anabisala. Pa kachitunda pafupi ndi chigayo galimoto inanjenjemera kawiri n'kuzima.

Yohane analiza. Anaponda mafuta, analizanso. Kachitatu, kachinayi. Ndinkamva sitata ikulemera, batire ikutha mphamvu, ndipo fungo la petulo linalowa m'galimoto. Ndinamuuza kuti asiye. Mwina ndinalankhula motsitsa kwambiri, chifukwa analizanso kachisanu.

Tinatsika. Anthu a pa chigayo anali ataona ngolo ndi nsalu ya maliro imene tinamangirirapo, ndipo amayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu monga mwa ulemu wa maliro. Yohane ankalumbira kuti mafuta alimo, kuti galimoto imeneyi yadutsa mayiko atatu osavuta. Ndinanena kuti ndi madzi. Bambo wina wa njinga anayang'ana kumwamba, kopanda ngakhale kamtambo, n'kufunsa kuti madzi ake ati, mvula inasiya kalekale. Ndiye mayi wina wachikulire ananena motsitsa, koma tonse tinamva, kuti malemuwo akukana.

A Mbewe anaimbira lole ya mpingo. Inali pa mzere wa mafuta ku Area 25 kuyambira dzulo lake, thanki ili gwa. Anaimbira wina wa pikapu, analibe chokokera ngolo. Kunyamula pamanja kunali kutali, ndipo kunyumba kunali kudakali mwambo wa mapemphero tisanapite kumanda. Foni ya a Lakisoni inalira kawiri, akulu a adzukulu akufunsa kuti tili pati. Mthunzi wa chigayo unali utafika pakati pa msewu.

A Lakisoni anaika foni m'thumba n'kubwera pamene ndinaima. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Alamu, mlongo wangayu wayenda ulendo wonsewu osadandaula. Wafika pakhomo, waima. Pali chimene inu mukuchidziwa. Ife sitinaliko kumene munamusunga. Pitani mukalankhule naye."

A Mbewe sanatsutse. Anati n'zoona, nthawi zina munthu amafuna mawu a mwamuna wake. Anthu anapatuka kundisiyira njira.

Ndinapita kuseri kwa ngolo n'kugwada m'fumbi. Zoti ndimuuze zinalipo, ndipo a Lakisoni sanalakwitse kwenikweni. Panali denga, panali Loweruka limene silinafike, panali masiku amene ndinamumva akutsokomola ine n'kupita ku doko. Koma zimenezo si za pamsewu, pamaso pa anthu ogayitsa chimanga. Ndinaika dzanja pa chitseko cha ngolo. Chinali chikadali chozizira ndi madzi a ku Biwi.

"Mayi a Yankho, tandidikirani pang'ono. Ndikufikitsani kwanu lero."

Ndinadzuka, ndinapita kumbuyo kwa pikapu n'kumasula bokosi langa la zitsulo pakati pa katundu. A Mbewe anaima patsogolo pa boneti. Anati mwana wanga, anthu akuona, namfedwa sachita zimenezi, ndiponso wavala zoyera. Ndinawapempha kuti andikhululukire. Sindinakweze mawu, koma sindinasunthe. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine, n'kupatuka.

Injini inali yoyera ngati yatsopano. Ndinamasula chivindikiro cha disitibiyuta, pamene mawaya onse a mapulagi amakumana. M'kati mwake munali timadontho tokhatokha ngati chivindikiro cha ketulo. Paipi inalowetsa madzi, kutentha kunawasandutsa nthunzi, nthunziyo n'kusowa potulukira. Ndinapukuta ndi mpango wa m'thumba mpaka unanyowa, kenako ndinasolola malaya m'thalauza n'kupukutira m'munsi mwake. Mayi wina anadandaula chapansipansi.

Mawaya a mapulagi sasokonezedwa. Aliyense ali ndi pake, ukasinthanitsa awiri injini siilira ngakhale itauma bwanji. Ndinalibe cholembera. Amene anali pafupi anali a Lakisoni.

"Alamu, tambasulani dzanja. Waya aliyense pakati pa zala zake, mmene ndikukupatsirani. Musawasinthe."

 Anakwinya mkono wa jekete n'kutambasula dzanja lawo la ukalipentala, lokhala ndi zipsera. Ndinazula waya woyamba, wachiwiri. M'maenje momwe mumakhala mapulagi munali madzi oima, ofika pakati. A Lakisoni anawerama n'kuwaona. 

Pulagi samasula madzi ali pomwepo, angagwere m'kati mwa injini. Ndinakulunga nsalu ku sikuludiraiva n'kumamwetsa dzenje lililonse, kufinya, kumwetsanso. Kachipewa ka waya wachitatu kanali kong'ambika m'mbali, mng'alu wakale umene unadutsa nafe mayiko onse aja osavuta chifukwa kunali kouma. Ndinakapukuta n'kukamanga ndi tepi. Mapulagi nditawamasula anali onyowa ndi petulo amene Yohane anapopa. Ndinawapukuta n'kuwayala pa chitsulo chotentha cha injini.

Kenako panalibe chochita koma kudikira kuti aume. Pa zonse za tsiku limenelo, mphindi zimenezo ndi zimene zinandivuta. Ndinaima manja ali lende, anthu akundiyang'ana, ena akunong'onezana kuti wakanika. Foni inaliranso m'thumba la a Lakisoni. Sakanatha kuiyankha chifukwa cha mawaya, ndipo inalira mpaka kusiya yokha. Bambo wa njinga uja anati tingokankha. Ndinamufunsa ngati angakankhe ngolo pa chitunda cha mchenga. Anabwerera pa njinga yake.

Ndinabwezera mapulagi, ndinapopera mankhwala, ndinapaka girizi m'tizipewa. Ndinkatenga waya mmodzimmodzi pa zala za a Lakisoni n'kukanikiza mpaka kumva kuti thi. Ndinamuuza Yohane kuti phazi lichoke pa mafuta, ndipo akaliza asagwiritse kiyi nthawi yaitali, chifukwa batire yatsala ya maulendo awiri, mwina atatu.

Analiza. Sitata inazungulira molemera, injini inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Pa chigayo anali atazimitsa makina awo, kaya chifukwa cha ulemu kaya chofuna kuonerera, ndipo kunali zii moti ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa mpanda. Ndinagwiranso waya aliyense. Onse anali m'malo. Ndinawerenga mumtima mpaka makumi atatu kuti batire ipume, n'kukweza dzanja.

Inazungulira kamodzi, kawiri, inagwira, inaphonya, n'kugwiranso. Utsi wakuda unatuluka kumbuyo. Ndinaika chikhato pa chitsulo mpaka kunjenjemera kunasalala, mapulagi onse anayi akuyaka.

Mayi wachikulire uja anati wavomera. A Mbewe anati inde, amangofuna mawu a mwamuna wake. Sindinatsutse, ndipo mpaka lero sinditsutsa. Ndinatseka boneti n'kulunjika ku mpando wanga wakumbuyo. A Lakisoni anali ataima pa chitseko chakutsogolo, akuyang'ana mizere yakuda pakati pa zala zawo.

"Khalani kutsogolo, alamu. Muziimvera."

Kunyumba tinapeza anthu atadzaza mpaka mumsewu. Ndinamuuza Yohane kuti asazimitse, zivute zitani. Mapemphero onse anachitika injini ikulira pansipansi kuseri kwa nyimbo, ndipo abusa anafupikitsa ulaliki atayang'ana mthunzi. Apongozi anga ndinawaona akuwatulutsa m'nyumba atawagwira mbali zonse. Anali atachepa thupi, tsitsi loyera, osati mayi aja ndinawasiya akunyamula thumba la chimanga pamutu. Anayang'ana malaya anga, akuda kuyambira pamimba mpaka m'mikono. Wina anawanong'oneza kanthu, iwo anagwedeza mutu pang'ono. Yankho anali atakula, wa mano otuluka kutsogolo. Atamuuza kuti awa ndi bambo ako, anandipatsa moni wogwada ngati mlendo n'kubwerera kuseri kwa chitenje cha azakhali ake.

Kumanda tinafika dzuwa lili pa nsonga za mitengo. Thunthu la nthochi linali litadulidwa kale, lili pambali pa mulu wa dothi. Mkulu wa adzukulu anationa tikutsika, anauza anzake awiri, ndipo analikokera kutchire. Anamutsitsa Esinati ndi zingwe, bwinobwino, osagunda m'mbali. Atandipatsa dothi pa khasu ndinalitapa ndi manja a girizi, lina linakakamira m'zala. Makasu anayamba kugwira ntchito, ndipo pamene ankasalaza mtumbira kuwala kunali kukadalipo.

Anthu atayamba kubalalika ndinamva kuti pikapu ikulirabe kumapeto kwa manda. Yohane, ndi mantha ake, sanaizimitse. Anali atakhala pa mwala chapatali, mutu uli m'manja. Ndinapita ndekha. Ndinaima pambali pake kanthawi ndikumvetsera, ikuyenda bwino, yosaphonya. Panalibenso koti itifikitse. Ndinalowetsa dzanja pa windo n'kutembenuza kiyi.